Mabuku Makumi Atatu M'foni

Akulu-akulu amakonda kudandaula kuti acinyamata a masiku ano sawelenga. Mbali ina ya dandaulo limeneli ndi yoona. Koma ine amene ndimaima kutsogolo kwa kalasi tsiku lililonse ndimaonanso gulu lina limene akulu saliona. Awa ndi anyamata ndi atsikana a ku Chawama, Matero, Kanyama ndi Mtendere amene amawelenga kwambili. Akapita m'tauni amaima pa ogulitsa mabuku a m'mbali mwa Cairo Road. Kumeneko amapeza Think and Grow Rich la Napoleon Hill, limene linatuluka mu 1937, Rich Dad Poor Dad la Robert Kiyosaki la mu 1997, ndi Atomic Habits la James Clear la mu 2018. Amene alibe ndalama yogulila amalandila mabuku omwewo pa WhatsApp ngati PDF. Wina akatsegula foni upeza muli mabuku makumi atatu, onse okamba za mmene munthu angasinthile umoyo wake.

Inu a gulu limeneli ndinu amene ndikukamba nanu. Ndimakulemekezani, cifukwa pamene anzanu ataya mtima inu mukali kufunafuna njila. Ndiye cifukwa cake ndikufuna kukupemphani cinthu cimene simungayembekeze kumva kwa mphunzitsi. Cepetsani mabuku a malangizo amene mukuwelenga. Tengani limodzi, ndipo musatsegule lina mpaka mutacita cinthu cimodzi ca m'buku loyambalo.

Ndiyambe ndi zimene zimacitika mumtima pamene munthu akuwelenga malangizo abwino. Ukawelenga mutu wokamba za kusunga ndalama, maganizo amakujambulila cithunzi ca iwe mwini utasunga kale. Umadziona uli ndi kantemba, kenako shopu, kenako nyumba ya lendi. Mtima umapepuka, nkhawa imene unali nayo m'mawa imacepa. Kupepuka kumeneku kumafanana kwambili ndi kumene munthu amamva akacitadi cinthu, ndipo apa ndi pamene pali msampha. Wamva kukoma kwa kusintha usanasinthe ciliconse. Mawa nkhawa ikabwelanso, mankhwala apafupi ndi kutsegula buku lina. Kusunga ndalama kwenikweni kumawawa, cifukwa kumafuna kuti lelo ukane kugula data, uyende pansi pamene anzako akwela basi. Kuwelenga za kusunga sikuwawa mpang'ono pomwe.

Mnyamata wina amene ndinam'phunzitsa anatsiliza Giledi 12 ndipo akusewenza m'kanyumba kotumizila ndalama pa foni. Ndi wanzelu, ndipo amatha kukufotokozela kusiyana kwa katundu wobweletsa ndalama ndi katundu wodya ndalama bwino kuposa mmene ine ndingacitile. Tsiku lina tikuceza anandiuza kuti, "Ba Ticha, caka cino nabelenga mabuku twelufu ya ndalama." Ndinam'funsa kuti pa malipilo ake a mwezi watha, zingati zinapita ku cakudya, zingati ku data, zingati ku kubecha pa mpila. Anaseka, nati, "Awe Ba Ticha, izo sinaziike mu mutu." Amai ake amagulitsa tomato ndi lepu pa msika. Sanawelengepo buku la ndalama ngakhale limodzi, koma ali m'cilimba ca azimai anzao, ndipo ukawadzutsa pakati pa usiku angakuuze bokosi la tomato analigula zingati ku Soweto, anagulitsa milu ingati ndipo patsala phindu la zingati. Pa anthu awiliwa, amene akudziwa za ndalama ndani?

Funso limeneli ndi lakale kwambili. Ku Greece, zaka zoposa 2,300 zapitazo, Socrates anali kuphunzitsa kuti munthu amene akudziwadi cabwino sangalephele kucicita, ndipo amene amacita zoipa amatelo cifukwa ca umbuli. Aristotle, amene anabwela pambuyo pake, anaona kuti nkhaniyi siili yosavuta conco. Anaona anthu odziwa bwino-bwino zoyenela kucita, koma ogonja pa nthawi yocita. Iye anaphunzitsa kuti khalidwe limabwela mwa kubweleza-bweleza. Munthu amakhala mmisili womanga nyumba mwa kumanga, ndipo amakhala wolungama mwa kucita zolungama kambili-mbili mpaka zitakhala cizolowezi. Ine ndili ku mbali ya Aristotle. Pali kudziwa kokhala pakamwa, ndiponso pali kudziwa kumene kwalowa m'manja ndi m'mapazi. Buku lingakupatse koyambako m'maola ocepa. Kwaciwili kumatenga masabata ndi miyezi, ndipo palibe wina angakucitile.

Tonse a mu Lusaka tikukumbuka kolela wa kumapeto kwa 2023 ndi kuciyambi kwa 2024. Masukulu anafunika kutsegulidwa pa 8 January, koma sanatsegulidwe mpaka pa 12 February, ndipo bwalo la mpila la National Heroes linasanduka cipatala. Sindingaimbe mlandu anthu amene anadwala. Ambili anali kumwa madzi a m'zitsime zosaya zimene zili pafupi ndi zimbudzi, cifukwa ena analibe, ndipo imeneyo ndi nkhani ya umphawi. Koma taganizilani kacinthu kakang'ono aka. Madzi obwezela mphamvu kwa munthu wotsegula m'mimba amapangidwa ndi lita imodzi ya madzi owilitsa, masupuni ang'ono-ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcele. Mwana aliyense wa sukulu anawelengapo zimenezi. Tsopano tinene kuti mng'ono wanu wayamba kutsegula m'mimba pa 02:00 usiku, malaiti kulibe, galimoto yopita ku kiliniki kulibe mpaka kuce. Amene anawelenga kakhumi koma sanayesepo adzaima n'kumadzifunsa ngati mcele ndi supuni imodzi kapena theka, ndiponso kuti lita ndi botolo liti m'nyumba muno. Amene anasakanizapo kamodzi masana, nalawa, nadziwa botolo lake ndi supuni yake, adzayamba kum'mwetsa mwanayo pomwepo pamene ena akufunafuna thandizo. Onse awili anawelenga mau amodzi-modzi. Usiku umenewo wothandiza ndi mmodzi.

Palinso nkhani ya kuiwala. Mu 1885, katswili wa ku Germany dzina lake Hermann Ebbinghaus anafalitsa zimene anapeza atadziyesa yekha kwa nthawi yaitali. Anali kuloweza timau topanda tanthauzo, n'kumaona kuti akukumbuka tingati pakapita nthawi. Anapeza kuti zambili zimathawa msanga, m'maola ndi m'masiku oyambilila, ngati munthu sazibweleza. Mu 2006, akatswili awili a ku America, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anapatsa ophunzila nkhani yaifupi. Gulu lina linauzidwa kuiwelenga mobweleza-bweleza. Gulu lina linaiwelenga nthawi imodzi, kenako linatseka pepala n'kumayesa kulemba zimene likukumbuka, katatu. Patapita mphindi zisanu, obwelezawo ndiwo anakumbuka zambili, ndipo anali odzidalila kwambili. Patapita mlungu umodzi zinthu zinatembenuka. Odziyesawo anakumbuka 61 pa 100 ya mfundo za m'nkhaniyo, pamene obwelezawo anakumbuka 40 pa 100 cabe.

Zimenezi ndimaziona caka ciliconse mayeso akayandikila. Mtsikana amawelenga manotsi kasanu, tsamba lililonse likumuoneka ngati mnzake wakale, ndiye amaganiza kuti wadziwa. Kuzindikila tsamba ukaliona ndi cinthu cina, kutulutsa zimene zili pa tsambalo buku litatsekedwa ndi cinanso. Mnzake amene amatseka buku n'kulimbana ndi mapepala a mayeso akale amavutika, amalakwitsa, nthawi zina amalila. M'cipinda ca mayeso iye ndiye amalemba. Ngati zili conco pa masamu ndi sayansi, nanga pa malangizo a umoyo? Buku la khumi ndi ciwili limene mwawelenga caka cino lakhala pamwamba pa mabuku khumi ndi limodzi amene zambili zake zinathawa kale.

Seneca, mlembi wa ku Rome amene anamwalila mu caka ca 65, analembela mnzake Lucilius makalata ambili. M'kalata yaciwili anam'cenjeza za kudumpha-dumpha kucoka pa buku ili kupita pa lina. Anayelekeza ndi cakudya cimene sicikhalitsa m'mimba, cimene sicingamange thupi, ndipo anam'langiza kuti akhale ndi alembi ocepa odalilika n'kumasankha mfundo imodzi tsiku lililonse yoti aigaye bwino. Ngati vuto limeneli linalipo pa nthawi imene buku lililonse linali kukopedwa ndi manja, kuli bwanji lelo pamene mnzako angakutumizile mabuku makumi asanu pa mphindi imodzi? Makolo athu anali nao mau ake: ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Tili naco citsanzo pafupi, kwa anansi athu ku Malawi. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anasiya sukulu ya sekondale pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 cifukwa makolo ake analibe ndalama za fizi. M'kalaibulale kakang'ono ka kwao anapeza buku lochedwa Using Energy, limene pacikuto pake panali cithunzi ca makina opanga magetsi ndi mphepo. Cingelezi cake cinali cocepa, conco anali kudalila kwambili zithunzi za mkati. Anayamba kutola zitsulo zotayidwa, mbali za njinga, mapaipi a pulasitiki ndi cokupizila ca thalakita, namanga nsanja ya mitengo ya bulugamu. Anthu anali kunena kuti wacita misala. Ali ndi zaka 14 anayatsa getsi kunyumba kwao. Buku limenelo linasindikizidwa makope ambili, ndipo ana ambili a sukulu m'maiko ena analiwelenga n'kulembela mayeso. Iye analitenga n'kupita nalo pa dzala la zitsulo, ndipo pamenepo ndi pamene buku linayamba kusewenza.

Cifukwa cimene ndikuchulila nkhaniyi kuti ndi ya khalidwe n'cakuti malangizo amene wawamva n'kuwavomeleza amakhala ngati nkhongole. Ukawelenga kuti ndi bwino kupepesa kwa munthu amene unam'lakwila, n'kugwedeza mutu kuti n'zoona, walonjeza kanthu kwa iwe mwini. Ukatseka buku osapita kukapepesa, waphwanya lonjezo. Kamodzi sikavulaza. Koma ukacita zimenezi kambili, mtima umaphunzila kumva zabwino popanda kusuntha, monga mmene munthu wokhala pafupi ndi cigayo amalekela kumva phokoso lake. Pamapeto pake umakhala munthu wovomeleza zonse, wosacita ciliconse, ndipo mau abwino sakubayanso.

Zotsatila zake ndimaziona m'mitundu iwili. Ena amayamba kunyada. Mnyamata wodziwa mau akulu-akulu a zamalonda amayamba kuyang'ana amai ake ngati munthu wotsalila, pamene nsima imene akudya yacokela pa tomato wa amaiwo. Ena amagwa mphwai. Mtsikana amene wawelenga mabuku khumi olonjeza kusintha, umoyo wake uli cimodzi-modzi, amayamba kukhulupilila kuti vuto ndi iye, kuti ndi waulesi kapena analodzedwa. Onse awili akudwala matenda amodzi. Zimene zili m'mutu zakula msanga kuposa zimene zili m'manja, ndipo mpata wa pakatipo wina amaudzaza ndi kunyada, wina ndi manyazi.

Kucita kuli ndi phindu linanso limene anthu salichula kawili-kawili. Ndiyo njila yokha yoyesela buku ngati likunena zoona. Mabuku ambili amene mumagula analembedwa ku America, kwa anthu okhala ndi malipilo a mwezi ndi mwezi, amene banki ingawakongoze ndalama zogulila nyumba. Mlembi wake sanakhalepo m'nyumba ya cipinda cimodzi ndi abale asanu, ndipo sadziwa kuti kuno munthu akalandila malipilo, malilo a kumudzi ndi fizi ya mwana wa alongo zimakhala zikum'dikila kale. Ukangowelenga, zonse zimamveka zoona, cifukwa pepala silitsutsa. Ukayesa kwa mwezi umodzi ku Kanyama, m'pamene umaona kuti mfundo iyi ikusewenza, iyi ifunika kusinthidwa, iyi ndi bodza la munthu wofuna kugulitsa buku. Wowelenga amene wayesa amakhala woweluza wa buku. Amene sanayese amangolikhulupilila, kenako n'kukhulupililanso lotsatila, ngakhale likutsutsana ndi loyamba.

Ndikudziwa kuti aphunzitsi anzanga ena sadzakondwa. Adzati: ana athu ambili amafika ku sekondale akali kuvutika kuwelenga, mabuku m'masukulu ndi ocepa, iwe ukuwauza kuti acepetse? Nkhawa yao ndi yoyenela. Kwa mwana amene sanatsilizepo buku lililonse, langizo langa ndi lakuti awelenge ciliconse cimene angapeze, nyuzipepala yakale, Baibo, buku la nthano, ngakhale pepala lokulungila vitumbuwa. Munthu amene alibe cakudya sauzidwa za kudya mopitilila. Mau angawa ndi a amene ali ndi mabuku ambili kuposa masiku owacitila.

Ena adzati si buku lililonse limene limafuna kuti ucite kanthu. Apanso ndikuvomeleza. Makolo athu anali kukhala pafupi ndi wailesi kumvetsela Julius Chongo pa Poceza M'madzulo, ndipo palibe amene anali kudzuka m'mawa ndi mndandanda wa zocita. Nthano ndi ndakatulo zimasewenza mwakacete-cete. Zimakuphunzitsa kumva cisoni ca munthu amene sunam'onepo, zimakulitsa cinenelo, zimakupumitsa. Zimenezo welengani mmene mungathele, popanda kudzifunsa kuti mupindulapo ciani. Malile amene ndikukamba ndi a mabuku amene amakulonjeza kuti udzakhala wolemela, wathanzi, wolimba mtima kapena wosunga nthawi. Buku lotelo lili ngati pepala la kwa dokotala lolembedwa mankhwala. Ungasonkhanitse mapepala makumi awili m'cikwama, koma malungo sadzatha mpaka utamwa mankhwala a pepala limodzi, ndiponso kuwatsiliza.

Kutsutsa kumene ndimakuona kukhala kolimba kwambili ndi uku: munthu sangadziwe buku limene akufunika ngati sayendayenda m'mabuku ambili. Kamkwamba yemwe uja analipeza buku lake akufufuza pa mashelefu. Izi n'zoona, ndipo ndilibe njila yozikanila. Cimene ndinganene n'cakuti mlimi amayenda m'misika kuona mbeu zosiyana-siyana, koma mvula ikagwa amaleka kuyenda, amasankha imodzi n'kubyala. Akapitiliza kuyendayenda mpaka February, caka cimeneco sadzakolola ngakhale atadziwa maina a mbeu zonse. Nthawi yofufuza ilipo, koma ikhale ndi tsiku lothela. Vuto la ambili a ife n'lakuti kufufuza kwasanduka malo obisalako, cifukwa pofufuza palibe amene amalephela. Kulephela kumayamba ukabyala.

Ndiyenela kunenanso cinthu cimodzi kuti ndisakunamizeni. Kucita zimene wawelenga sikudzabweletsa nchito kumene kulibe nchito, ndipo sikudzatsitsa mtengo wa unga. Pali zinthu zimene sizili m'manja mwa mnyamata wa m'komboni, ndipo mabuku amene amanena kuti zonse zimadalila maganizo ako amalakwila anthu osauka. Koma kambali kamene kali m'manja mwako kalipo, ngakhale kacepe, ndipo sungadziwe kukula kwake mpaka utakayesa.

Zimene ndimapempha ana a m'kalasi langa ndi izi. Sankhani buku limodzi la malangizo, lokhudza vuto limene likukusowetsani tulo panopa. Gulani kope laling'ono. Mukawelenga mutu umodzi, tsekani buku, mulembe m'kope mfundo imodzi m'mau anu-anu, m'Cinyanja ngati mungathe, cifukwa mfundo imene simungainene m'cinenelo ca kwanu simunaimvetse. Pansi pake lembani cinthu cimodzi cimene mudzacita, tsiku lake ndi ola lake. Cikhale caching'ono ndiponso cooneka. Kulemba kuti "ndidzasunga ndalama" sikuthandiza. Lembani kuti kuyambila Lolemba mudzalemba kwaca iliyonse yolowa ndi yotuluka, madzulo alionse musanagone, kwa masiku 30. Uzani munthu mmodzi amene sacita nanu manyazi, mlongo wanu kapena mnzanu wa pamtima, kuti azikufunsani pa Sabata. Masiku 30 akatha, lembani zimene zacitika, zabwino ndi zolepheleka zomwe. Mukatelo mungapite ku mutu wotsatila.

Mwa njila imeneyi buku limodzi lingakutengeleni temu yathunthu, ndipo pa caka mungatsilize atatu cabe. Anzanu pa Facebook adzakhala akuonetsa zikuto za mabuku makumi awili, ndipo mudzamva ngati mwatsalila. Pililani. Pofika December mudzakhala ndi kope lodziwa kumene ndalama zanu zimapita, kapena thupi lozolowela kudzuka pa 05:00, kapena m'bale amene munayambanso kulankhulana naye pambuyo pa zaka ziwili. Zimenezo palibe amene angakutumizileni pa foni.

Tsiku lina mnzanu akadzakuuzani kuti watsiliza buku labwino, musam'funse kuti likunena ciani, cifukwa zimenezo mungawelenge nokha. M'funseni kuti wayamba kucita ciani cimene sanali kucita mwezi watha. Akakhala cete, musam'seke. Mubwelekeni kope, mugwilizane tsiku loyambila, ndipo inunso mumuuze canu kuti azikufunsani.